Agalu a m'makachisi ku Thailand: mpunga wokha sukwanira

Ku Thailand, komwe anthu ambiri ndi Abuda, galu amene mwini wake wamulephera nthawi zambiri amakasiyidwa pakachisi. Lamulo loyamba mwa malamulo asanu a Chibuda limaletsa kupha chamoyo chilichonse, ndipo amonke samupirikitsa. Amamugawira mpunga wotsala pa chakudya chimene anthu amawapatsa m'mamawa. Galuyo sagona ndi njala, koma matenda amakhala atamumanga, ndipo banja lomutenga kukamusunga liyenera kuyambira pamenepo.

Choyamba ndi katemera wa chiwewe. Bungwe la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ndipo pafupifupi onsewo amawatenga kwa agalu. Mwana wa galu amabayidwa akakwana miyezi itatu, koma wamkulu amene mbiri yake siyikudziwika abayidwe akangofika. Munthu akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala.

Khungu ndi limene limaulula zambiri. Galu wa mphere amathothoka ubweya, khungu lake limakhakhala n'kung'aluka ngati khungwa la mtengo, ndipo amangodzikanda usana ndi usiku. Amaoneka womvetsa chisoni, koma matendawa amachizika: akalandira mankhwala kwa dokotala wa ziweto, ubweya umameranso. Zoopsa kwambiri ndi zosaoneka. Nkhupakupa zimafalitsa tizilombo toononga magazi, ndipo nkhama zikayamba kuyera galuyo n'kumangofooka, sipafunika kuchedwa. Udzudzu nawo umafalitsa nyongolotsi zokhala mumtima, zomwe n'zosavuta kupewa kusiyana ndi kuchiza.

Zakudya zotsala za anthu zili ndi vuto lake. Anyezi ndi adyo, zomwe sizisowa m'ndiwo za ku Thailand, zimaononga maselo ofiira a magazi a galu, ndipo mafupa a nkhuku ophika amasweka n'kubaya matumbo.

Poti kupha agalu kuti achepe n'kosemphana ndi chikhulupiriro cha ambiri, njira yotsala ndi kufula amphongo ndi kutseka aakazi. Bungwe la Soi Dog Foundation, lomwe linayamba ku Phuket mu 2003, limawagwira, kuwatseka, kuwabaya katemera n'kuwabwezera komwe anawatenga.

Chikhulupiriro chomwecho chimachititsa kuti madokotala ambiri a ziweto asafune kubaya jakisoni wopha galu, ngakhale atadwala mosachiritsika. Choncho banjalo likonzekeretu kumudwazika mpaka mapeto: kumupatsa mankhwala ochepetsa ululu, madzi, ndi pogona pouma, komanso kumamutembenuza kuti asachite zilonda.