Kamera Ikayamba Kujejema Pojambula Motsatizana

Lero tikambirana za vuto limene limadandaulitsa anthu ambiri ojambula zithunzi ndi makamera amakono, aja osagwiritsa ntchito filimu. Vutoli ndi lotere: munthu amadina batani osachotsapo chala kuti kamera ijambule zithunzi zambiri motsatizana, ndipo poyamba imajambuladi mwaliŵiro, koma pakangopita masekondi aŵiri kapena atatu imayamba kujejema, mwinanso kuima kumene. Ambiri amayesa kuti kamera yawonongeka, nathamangira nayo kwa okonza ku Limbe, kumene amakataya ndalama pachabe. Kaŵirikaŵiri kamerayo imakhala ili bwinobwino.

Ojambula a m'boma la Thyolo amalifunadi liŵiro limeneli. M'minda ya tiyi monga ku Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anaikhazikitsa m'chaka cha 1923, manja a otchola tiyi amayenda msanga kotero kuti chithunzi chimodzi sichikwanira. Ovina Tchopa, gule wa Alhomwe amene bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wake mu 2014, sadikira wojambula. Ndiponso m'nkhalango zotsala za m'derali muli kambalame kosoŵa kotchedwa Thyolo alethe, kamene alendo amachokera kutali kudzakaona. Kamera ikaima pa nthaŵi zoterezi, mwayi wapita, ndipo kwa wojambula wolembedwa ganyu, malipiro apitanso.

Kuti timvetse chimene chimachitika, tiyeni tiganize za mayi wotchola tiyi m'nyengo ya mvula, pamene masamba amaphuka mochuluka. Manja ake ndi achangu, koma masambawo sapita ku fakitale pomwepo. Amayamba agwera m'dengu limene wabereka kumbuyo. Dengu likadzaza, mayiyo ayenera kuleka kutchola kufikira masamba atayesedwa pa sikelo ndi kukhuthulidwa. Ngati kusikelo kuli mzere wautali, changu cha manja ake sichimuthandizanso kanthu.

M'kamera namonso muli dengu lotere, ndipo akatswiri amalitcha buffer. Ndi malo ochepa koma achangu, mmene zithunzi zimayamba zafikira zisanalembedwe pa memori khadi. Khadiyo ndiyo sikelo. Vutoli ndi lakale ngati makamerawo: kamera yoyamba ya mtundu umenewu, imene Steven Sasson anapanga ku kampani ya Kodak mu 1975, inkatenga masekondi 23 kuti ilembe chithunzi chimodzi pa kaseti.

Tiyeni tiŵerengere limodzi. Tiyerekeze kuti kamera ikujambula zithunzi 10 pa sekondi, ndipo chithunzi chilichonse chikulemera 25 MB. Ndiye kuti m'dengu mukuloŵa 250 MB pa sekondi. Ngati khadi ikulandira 30 MB yokha pa sekondi, dengu la 500 MB lidzadzaza patangopita masekondi aŵiri ndi pang'ono. Kuyambira pamenepo kamera idzajambula chithunzi chimodzi chokha pa sekondi, ndipo kuti dengulo likhuthuke lonse padzafunika masekondi pafupifupi 17. Pa khadi yolandira 90 MB pa sekondi, padzafunika masekondi osakwana 6.

Tsono tizindikira bwanji pamene pagona vuto? Mverani kulira kwa kamera yanu. Ikayamba mwaliŵiro kenaka nkufooka, dziŵani kuti dengu ladzaza. Ikakhala yochedwa kuyambira pa chithunzi choyamba, vuto lili kwina. Tiyambe ndi loyambalo.

Choyamba, yang'anani khadi yanu. Nambala yaikulu imene amalemba pamwamba pa khadi kaŵirikaŵiri imanena za liŵiro lotulutsira zithunzi kupita pa kompyuta, osati lolandirira zithunzi kuchokera m'kamera. Zizindikiro zodalirika ndi zazing'ono zija. Class 10 ndi U1 zimalonjeza 10 MB pa sekondi. U3 ndi V30 zimalonjeza 30 MB. V60 ndi V90 zimalonjeza 60 MB ndi 90 MB. Makhadi a UHS-II ali ndi mizere iŵiri ya tizitsulo kumbuyo kwake, koma kamera yopangidwira UHS-I imagwiritsa ntchito mzere umodzi wokha, motero kuigulira khadi yodula yotere ndi kumwaza ndalama. Ŵerengani buku la kamera yanu musanagule. Chenjeraninso ndi makhadi achinyengo, amene amalembedwa maina a makampani otchuka koma ali ofooka m'kati. Ndipo mukasamutsa zithunzi zanu zonse, fufutani khadi m'kamera momwemo posankha mau akuti Format, osati pa kompyuta.

Chachiŵiri, pepuzani katundu. Chithunzi cha RAW chimasunga zonse zimene kamera yaona, ndipo chimalemera kaŵiri kapena katatu kuposa cha JPEG. Amene amasankha RAW ndi JPEG pamodzi amasenzetsa khadi mitolo iŵiri pa chithunzi chimodzi. Pojambula minda ndi phiri la Thyolo m'maŵa, RAW ndi yabwino chifukwa phiri silithaŵa. Koma pa bwalo la Tchopa, JPEG kapena RAW yofinyidwa idzakulolani kujambula nthaŵi yotalikirapo. Ngati kamera yanu ili ndi malo a makhadi aŵiri ndipo mwailamula kulemba chithunzi chilichonse pa makhadi onse, idzayenda pa liŵiro la khadi yofookayo.

Chachitatu, chepetsani liŵiro mwadala. Zithunzi 5 pa sekondi zimakwanira kugwira dzanja likutchola nsonga ya tiyi, ndipo dengu limachedwa kudzaza. Pa makamera ena, zokonzera chithunzi m'kati, monga zochotsa timadontho pa chithunzi chojambulidwa mumdima, zimachepetsanso malo m'dengumo.

Nanga kamera yochedwa kuyambira pachiyambi? Yambani mwatsimikiza kuti mwasankhadi kujambula motsatizana kwa liŵiro lalikulu, pakuti makamera ambiri ali ndi maliŵiro aŵiri kapena atatu. Kenaka ganizani za kuŵala. Thyolo alethe amakhala pansi m'nkhalango ya mthunzi wambiri, kutsata linthumbu. M'malo otere kamera imatsegula diso lake nthaŵi yaitali pa chithunzi chilichonse. Ngati chithunzi chimodzi chikudya gawo limodzi mwa magawo 4 a sekondi, sizingatheke kujambula zoposa 4 pa sekondi, ngakhale khadi ikhale yodula chotani. Kwezani ISO kapena tsegulani magalasi kuti kuŵala kuloŵe kwambiri. Kamera imachedwanso ngati yalamulidwa kudikira kuti chinthu chioneke bwino isanajambule, ndipo ina imafooka batire likatsala pang'ono.

Pali chenjezo limodzi limene tikupempha kuti musaliiŵale. Kumbuyo kwa kamera kuli kanyali kamene kamayaka pamene dengu likukhuthulidwa. Kanyaliko kakayaka, musatulutse khadi kapena batire. Mukatero mudzataya zithunzi zimene zinali m'dengu, ndipo mwina mungawononge ndi zimene zinali kale pa khadi.

Pomaliza, dziŵani kuti dengu la kamera silingakulitsidwe. Linamangidwa momwemo ku fakitale. Choncho wojambula ayenera kuphunzira kukula kwake. Muli kunyumba, dinani batani kufikira kamera itafooka, ŵerengani zithunzi zimene yajambula, ndipo muone masekondi amene kanyali katenge kuti kazime. Mukadziŵa manambala aŵiriŵa, mudzajambula zithunzi zinayi kapena zisanu, nkuchotsa chala, nkudikira pamene wovina akukonzeka kudumpha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wodina batani ng'oma ikangoyamba amapezeka dengu lake ladzaza pamene gule wafika pokoma.