Kuiwala-iwala kwa amene ali ndi HIV: zimene zithunzi za ubongo zionetsa

M'mipingo yathu muli ambili amene akhala zaka akumwa ma ARV, ndipo thupi lili bwino. Koma ena mwa iwo ayamba kuiwala-iwala. Amai amene anali kusunga bwino buku la ndalama za Cigwilizano lelo asokoneza masamu. Abambo aganiza mocedwa, manja sagwila nchito msanga monga kale. Kunyumba ena ayamba kunong'ona za ufiti kapena ziwanda. Tiyeni timve zimene madokotala apeza.

Kacilombo ka HIV kamafika ku ubongo msanga, m'milungu yoyamba munthu atakatenga. Kamabisala m'maselo amene amateteza ubongo, ndipo maselowa akamalimbana nako pamakhala kutupa kwa pang'onopang'ono kumene kumavulaza maselo amene timaganizila.

Madokotala amaona mkati mwa mutu popanda opaleshoni. Makina a CT scan amajambula ndi X-ray, pamene a MRI amajambula ndi maginito amphamvu ndipo amaonetsa bwino koposa. Mwa ena amene ali ndi HIV, zithunzizi zimaonetsa kuti ubongo wacepako pang'ono, ndiponso kuti mitsempha yolumikiza mbali zake, imene ili ngati mawaya a malaiti m'nyumba, yaonongeka apa ndi apo. Ndiye cifukwa cake uthenga umayenda mocedwa. Izi zimaoneka kwambili mwa amene anayamba mankhwala mocedwa, CD4 itatsika kwambili.

Uthenga wabwino ulipo. Ma ARV amphamvu asanabwele mu 1996, ambili anali kusokonezeka mutu kothelatu matenda akakula. Lelo zimenezi zacepa, ndipo munthu akamamwa mankhwala mokhulupilika mpaka viral load kutsika, kuonongekako kumacepa liwilo kwambili.

Komabe cithunzi cokha sicinena zonse. Dokotala amafunsanso mafunso oyesa kukumbukila, ndipo cithunzi cimamuthandiza kuona ngati pali TB ya mu ubongo, sitoloko kapena matenda ena. Kuiwala kumabwelanso ndi ukalamba, BP, shuga, mowa kapena nkhawa yaikulu. Mankhwala a efavirenz nawonso anali kubweletsela ena cizwezwe ndi maloto oipa, ndipo mu 2019 bungwe la WHO linalangiza kuti dolutegravir ikhale yoyamba kupatsidwa. Conco tisaweluze tokha, tipite ku kiliniki. Ngati pali mutu wowawa kwambili, khosi kuuma, kukomoka, kusokonezeka mwadzidzidzi kapena mbali imodzi ya thupi kufooka, tithamangile ku cipatala tsiku lomwelo.

Coopsa cacikulu ndi ici: woiwala angaiwalenso mapilisi ake, kacilombo n'kuculukanso, ubongo n'kuvulala koposa. Apa mpingo uli ndi nchito. Timuikile alamu pa foni. Timupelekeze pa tsiku la kukatenga mankhwala, ndipo tiuze anesi zimene taona. Ngati udindo wa mu mpingo wayamba kumulemela, timupatse womuthandiza m'malo momucotsa mocititsa manyazi. Za matenda ake zisakhale nkhani ya pambuyo pa mapemphelo.

Tipemphele nawo, inde, koma wina asawauze kuti aleke ma ARV posonyeza cikhulupililo. Mulungu amene amamva mapemphelo athu ndi yemweyo amene anapatsa nzelu opanga mankhwala.