Mabala Aang'ono Asatinyenge

Mayi wa ku Chibanja akamva ululu woluma pansi pa nthiti za kumanja atadya mandasi kapena nyama yonona, kawirikawiri amangoti ndi zilonda za m'mimba. Koma nthawi zina imakhala miyala imene yaumbika m'kathumba ka ndulu, pansi pa chiwindi. Nthendayi imakonda akazi, makamaka amene abereka kangapo, onenepa, ndiponso opitirira zaka 40. Miyalayi imaoneka pa sikani, yofanana ndi imene amaonera mwana m'mimba. Odwala ofunika opaleshoni mumzinda uno amatumizidwa ku Chipatala Chachikulu cha Mzuzu.

Kale, pochotsa kathumbako, ankang'amba mimba. M'chaka cha 1985 dokotala wa ku Germany, Erich Mühe, anakachotsa koyamba popanda kutero. Kumene njira imeneyi ilipo, dokotala amaboola timabowo tinayi, n'kulowetsa kamera ndi zipangizo zoonda. Wodwala amatuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ndipo amakhala bwinobwino popanda kathumbako, pakuti ndulu imapangidwa ndi chiwindi. Nthawi zina dokotala akaona zovuta m'kati amasintha n'kung'amba mimba, pofuna kupulumutsa moyo.

Apa m'pamene pagona nkhani, amayi anzanga. Poona timabala tating'ono, a pakhomo amayesa kuti mayi wachira, pamene m'kati simunapole.

Kuwawa kwa phewa masiku oyambirira sikoopsa: n'chifukwa cha mpweya umene amapopera m'mimba. Ena amatsegulanso m'mimba kwa kanthawi. Koma mwa apo ndi apo njira ya ndulu imavulala, ndulu n'kumadonthera m'mimba, kapena mwala wina umatsalira n'kutseka njirayo. Maso akachita chikasu, mkodzo ukada ngati tiyi, thupi likatentha, mimba ikatupa, kusanza kukapitirira, kapena bala likatulutsa mafinya, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti bambo abwere ku ntchito, ndipo musataye nthawi ndi mapiritsi a m'golosale.

Inu apongozi ndi alamu, musenzereni ndowa ndi nkhuni mnzanuyo, ndipo asagwire munsi mpaka dokotala atalola. Mum'phikire phala, ndiwo zamasamba ndi nsomba zowiritsa, mafuta pang'ono. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.