Makhadi 60: kodi ndi masewera a nzeru kapena njuga?

KWATHU kuno munthu akapezeka ndi makhadi m'thumba, akulu a mpingo amayamba kumuyang'ana ndi diso lokayika. Cifukwa cake tonse ticidziwa. Taonapo ndalama za thonje ndi fodya zikuthera pansi pa mtengo wa mango tsiku lomwelo la malipiro. Tsono tikamva kuti kumaiko akunja kuli masewera a makhadi amene aphunzitsi ndi ana a sukulu amasewera poyera, ndipo kuti khadi limodzi linagulidwapo pa madola mamiliyoni, tiyenera kufunsa: kodi imeneyi si njuga imene yangobvala jekete?

Masewerawa dzina lake ndi Magic: The Gathering. Anawapanga ndi katswiri wa masamu wa ku America, Richard Garfield, ndipo kampani ya Wizards of the Coast inawatulutsa mu 1993. Pambuyo pake ku Japan kunabadwa anzake, makhadi a Pokémon mu 1996 ndi a Yu-Gi-Oh! mu 1999. Pa makhadi 52 amene tinazolowera, osewera onse amatola pa mulu umodzi. Pa Magic si tero. Aliyense amabwera ndi mtolo wake umene wadzimangira kunyumba, posankha pa mitundu ya makhadi yopitirira 20,000. Mtolo umenewu eni ake amauchula kuti deck, ndipo kuumanga ndiye theka la masewera onse.

Osewera amakhala awiri, aliyense ndi mapointi 20 a moyo. Amayamba ndi makhadi 7 m'manja, kenaka amatola limodzi nthawi yake ikafika. Makhadi ena ndi asilikali ndi zilombo zoukira mnzako, ena ndi ochinga kapena oononga. Amene mapointi ake ayamba kutha ndiye wagonja. Makhadi ambiri ali ndi mtengo wao, koma wolipira ndi mphamvu yochedwa mana. Musaganize za mana a m'cipululu aja ai, liuli linacokera ku zisumbu za m'nyanja ya Pacific. Mphamvuyi imacokera ku makhadi a nthaka, ndipo lamulo likuti munthu aike pansi khadi la nthaka limodzi lokha pa nthawi yake iliyonse.

Apa ndi pamene alimi angamve msanga kuposa anthu a m'tauni. Khadi la nthaka silimenya munthu. Wophunzira kumene amaliona ngati longodya malo, motero amadzaza mtolo wake ndi zilombo zikuluzikulu zoopsa. Masewera akayamba, amangokhala nazo m'manja osatha kuzilipira, mnzake n'kumamudya pang'onopang'ono. Ali ngati munthu amene wagula ng'ombe 30 koma alibe dambo lodyetserako. Akatswiri anapeza kuti pa makhadi 60, pafupifupi 24 ayenera kukhala a nthaka. Akacepa, zilombo zimafera m'manja. Akaculukitsa, munthu amakhala ndi munda waukulu wopanda cobyalamo.

Lamulo lina likuti mtolo usacepere makhadi 60, ndipo khadi la mtundu umodzi lisapitirire makope 4, kupatulapo nthaka wamba. Palibe woletsa kunyamula 70 kapena 80, koma odziwa amaima pa 60 penipeni. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mukaika kope limodzi la khadi limene mumalidalira, mwai woti lipezeke pa makhadi 7 oyamba ndi pafupifupi 12 pa 100. Mukaika makope 4, mwai umakwera kufika pa 40 pa 100. Khadi lililonse loonjezera pamwamba pa 60 limatsitsa mwai umenewu. Ndiye kuti womanga mtolo amakakamizika kusiya makhadi abwino amene amawakonda kuti asunge ofunika. Ndi mtima womwe uja umene umafunika popatulira cimanga: mbeu yathanzi imazulidwa kuti yotsalayo ibereke.

Nkhani imene imatisangalatsa kwambiri ndi ya mu 1996 ku Atlanta. Kumeneko wosewera wina, Paul Sligh, analowa mpikisano ndi mtolo umene anamanga mnzake Jay Schneider. Unali wodzaza ndi timakhadi tofiira tonyozeka timene anthu ambiri sanali kutiwerengera. Koma Schneider anali atawerengera mosamala kuti pa nthawi yoyamba pakhale khadi la mtengo wa mana amodzi, pa yaciwiri la awiri, pa yacitatu la atatu, kuti mphamvu isagone pacabe ngakhale kamodzi. Pamene anzake anali kudikira kuti nthaka ikwane zilombo zao zodula, Sligh anali atawamenya kale. Anamaliza waciwiri pa mpikisanowo, ndipo kufikira lero omanga mitolo amatsata kawerengedwe kameneko. Dzina linamamatira kwa wosewera, womanga n'kutsala kumbuyo, monga zimakhalira kawirikawiri.

Kufika apa, ife sitikuona njuga. Mwai ulipo ndithu, pakuti makhadi amasakanizidwa, koma nchito yonse ya womanga ndi kucepetsa mphamvu ya mwaiwo.

Komabe mlandu sunathe. Poyamba penipeni masewerawa anali ndi lamulo lakuti aliyense abeche khadi limodzi la mu mtolo wake, wopambana atenge onse awiri. Imeneyo inali njuga yosabisa, ndipo kampani inazindikira. M'mipikisano kubechaku kunaletsedwa, ndipo makhadi otsiriza ochula za kubecha anasindikizidwa mu 1995.

Cimene cinatsala ndi kagulitsidwe. Makhadi atsopano amabwera m'mapaketi omata a makhadi 14 kapena 15, ndipo wogula sadziwa zili m'katimo. Ambiri ndi wamba, limodzi kapena angapo ndi osowa, ndipo a gulu losowa kopambana amapezeka pafupifupi m'paketi imodzi pa 7 kapena 8. Mwana wofuna khadi limodzi lochuka angatsegule mapaketi ambirimbiri osalipeza, uku mtima ukumuuza kuti lili m'paketi yotsatira. Mau amenewo tawamvapo kwa ochova njuga. Nkhani za mitengo nazo zimakoleza moto. Khadi lochedwa Black Lotus, limene pa kusindikiza koyamba kwa 1993 linatuluka makope ongopitirira 1,000 pang'ono, linagulidwa pa madola 3 miliyoni mu 2024. Codabwitsa n'cakuti khadi limeneli n'loletsedwa m'mipikisano yambiri. Wogulayo anagula cosunga m'bokosi. Ndiponso mu mpikisano wofala wochedwa Standard, makhadi amatha nthawi pakapita zaka ngati zitatu, wosewera n'kuyambanso kugula.

Osewera okhwima anapeza njira zolambalala msampha umenewu. Amayamba alemba mtolo wao pa pepala, kenaka n'kugula kapena kusinthana makhadi okhawo amene akufunika, limodzilimodzi, pa mtengo wodziwika. Ena amasewera mtundu wochedwa Pauper, umene umalola makhadi wamba okhaokha. Enanso amakhala anthu 8 pa tebulo, aliyense ndi mapaketi atatu: amasankha khadi limodzi, otsalawo n'kupatsira mnzake, mpaka aliyense amange mtolo wa makhadi 40 pomwepo. Pamenepo wolemera ndi wosauka amayambira pa mzere umodzi.

Wina anganene kuti zonsezi n'za ku America ndi ku Japan, m'magolosale athu a ku Katete kapena Lundazi mulibe mapaketi otere. Koma masewerawa analowa kale m'mafoni. Magic inafika pa foni, ndipo mu October 2024 kunatuluka Pokémon TCG Pocket, imene imapatsa wosewera mapaketi awiri aulere tsiku lililonse, ofuna ambiri n'kulipira. Paketi ya pa foni ilibe pepala loti kholo lingalipeze m'thumba la yunifomu pocapa. Tsono mukaona mwana ali pa makhadi amenewa, mufunseni akuonetseni mtolo wake ndi kufotokoza cifukwa cake anasankha khadi lililonse. Kenaka mufunseni kuti mwezi uno watsegula mapaketi angati, ndipo olipira anali angati.