Matenda a shuga abisala m'kutentha kwa ku Tete

Aliyense amene anatsikirako ku Tete m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala amalidziwa ludzu la kumeneko. Mzindawu, umene akuluakulu amautcha kuti Nyungwe, uli m'chigwa cha mtsinje wa Zambezi ndipo ndi amodzi mwa malo otentha kwambiri m'dziko la Mozambique. Masiku ena kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu wochokera kumtunda kozizira monga ku Ulongwe, Tsangano, Dedza kapena Ntcheu, amene wapita kukagulitsa mbatata ya kachewere, kabichi ndi nyemba, amayamba kunyambita milomo galimoto isanafike n'komwe pa mlatho wa Samora Machel.

Pa chifukwa chimenechi, mu Tete palibe amene amadabwa mnzake akamadandaula kuti m'kamwa mwauma. Yankho limakhala lokonzeratu lakuti ndi dzuwa. Komatu pakati pa anthu amene amadzaza msika wa Kwachena ndi misewu ya ku Matundo alipo ena amene m'kamwa mwawo simunyowa ngakhale dzuwa litalowa, ngakhalenso m'mwezi wa Juni pamene kunja kumazizirirako. Iwowa amadzuka usiku lilime litamatirira, milomo itang'ambika, ndipo nsima sitsika popanda kapu ya madzi pambali. Ena mwa anthu otere akudwala matenda a shuga koma sakudziwa.

Matendawa akuchuluka. Kafukufuku amene anachitika m'dziko lonse la Mozambique m'chaka cha 2005 anapeza kuti anthu pafupifupi 3 mwa 100 aliwonse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi shuga. Atachitanso kafukufuku wotere m'zaka za 2014 ndi 2015, chiwerengerocho chinali chitapitirira 7 mwa 100 aliwonse, ndipo ambiri mwa odwalawo anali asanauzidwepo za matenda awo. Ku Malawi, kafukufuku wa m'chaka cha 2009 anapeza anthu pafupifupi 6 mwa 100 aliwonse. Kale anthu ankati awa ndi matenda a mabwana a m'tauni, koma masiku ano amapezeka ndi kumudzi komwe.

Chimene chimachitika m'thupi n'chakuti, munthu akadya nsima, mpunga kapena chinangwa, chakudyacho chimasanduka shuga amene amalowa m'magazi kuti apereke mphamvu. Kwa wodwala shuga, thupi limalephera kumugwiritsa ntchito bwino shugayo ndipo amangodzazana m'magazimo. Akachulukitsa, impso zimayamba kumutaya kudzera mu mkodzo, ndipo pochokapo shugayo amakoka madzi ambiri. Munthu amakodza pafupipafupi, thupi limauma, malovu amachepa, kenaka ludzu limabwera.

Apa ndi pamene munthu angasiyanitse ludzu la dzuwa ndi ludzu la shuga popanda makina ena aliwonse. Amene wakhala padzuwa tsiku lonse amataya madzi m'thukuta, choncho amakodza pang'ono, mkodzo wake umakhala wachikasu kwambiri, ndipo akamwa madzi okwanira n'kupuma pamthunzi ludzu limatha. Wa shuga amamwa madzi koma ludzu silichoka, ndipo usiku amadzuka katatu kapena kanayi kukataya madzi ochuluka. Nthawi zina nyerere zimaunjikana pamene wakodza. Ena amaonda pamene akudya bwino, amafooka, amaona mwachimbuuzi, ndipo akatemeka chilonda chimachedwa kupola.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zimene anthu amathamangira pofuna kunyowetsa kukhosi ndi zomwe zimakolezera vutoli. Mu Tete ndi m'misika ya m'malire monga Zóbuè ndi Calómuè, wogulitsa Frozy, Fanta, maheu ndi mafilizi a malambe sasowa kasitomala nthawi yotentha. Wina amagula mzimbe n'kumatafuna m'njira, wina amabwira maswiti kuti malovu abwere. Kwa munthu wa shuga, botolo lililonse la zotsekemera limakweza shuga m'magazi, mkodzo n'kuchuluka, m'kamwa n'kuumiratu, iye n'kugulanso botolo lina. Ndalama ya phindu la mbatata imathera pa ludzu limene silingathe ndi zakumwazo.

Mano ndiwo amalipira. Anthu amanyansidwa ndi malovu, komabe munthu wabwinobwino amatulutsa pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka tsiku lililonse, ndipo malovuwo ali ndi ntchito yaikulu. Amatsuka nyenyeswa za chakudya, amachepetsa mphamvu ya asidi amene tizilombo ta m'kamwa timapanga tikadya shuga, komanso amabwezera mchere wolimbitsa chikopa cha dzino. Malovu akachepa, asidi uja amakhalitsa pa dzino mpaka kuliboola, kawirikawiri m'munsi pafupi ndi nkhama. Zakumwa za m'botolo ndi zipatso zowawasa monga malambe ndi masau zili ndi asidi wawonso, ndipo kuzimung'unya tsiku lonse m'kamwa mouma kumaperesa mano msanga.

Vuto lalikulu koposa ndi la nkhama. Limayamba mwakachetechete: munthu akatsuka mano kapena akaluma chimanga chootcha amaona timagazi. Pakapita nthawi nkhama zimatupa n'kuyamba kusiyana ndi mano, m'mipatamo mumalowa mafinya, m'kamwa mumanunkha ngakhale watsuka, ndipo fupa limene limagwira mano limadyeka. Mano amaoneka ngati atalika, amayamba kugwedera, kenaka amaguluka ali abwinobwino opanda bowo. Kumudzi zotere amati ndi ukalamba, ena amaloza chala mnansi. Akatswiri a za mano anapeza kuti wodwala shuga ali pa chiopsezo cha matenda a nkhama pafupifupi katatu kuposa munthu wopanda shuga, makamaka ngati shugayo sakutsika. M'chaka cha 1993 katswiri wina wotchedwa Harald Löe analemba kuti matenda a nkhama ayenera kuwerengedwa ngati vuto lachisanu ndi chimodzi lobwera ndi shuga, pambali pa mavuto odziwika kale monga a maso, impso ndi mitsempha.

Matenda awiriwa amathandizana kuononga munthu. Shuga wokwera amafooketsa asilikali a m'thupi kotero kuti nkhama zimalephera kudziteteza, pamene nkhama zotupa ndi zamafinya zimachititsanso kuti shuga avute kutsika ngakhale munthu akumwa mankhwala. Kafukufuku wasonyeza kuti nkhama zikachiritsidwa shuga amatsikako pang'ono. Palinso nkhani ya chakudya: amene mano ake akugwedera amasiya ndiwo zamasamba, mtedza ndi nsomba zouma za chicoa, n'kuyamba kudalira phala lothira shuga, tiyi ndi buledi, zimene achipatala amamuuza kuti achepetse.

M'kamwa mouma mumakondanso kutuluka zoyerayera pa lilime ndi m'masaya, zimene zikapukutidwa pamatsala pofiira powawa, komanso tizilonda m'mphepete mwa milomo. Ambiri akaona zimenezi amangoganiza za kachilombo ka HIV n'kubisala m'nyumba ndi mantha. N'zoona kuti HIV imabweretsa zoyerazi, koma shuga amazibweretsanso, ndipo chanzeru n'kukayezetsa zonse ziwiri. Mankhwala ake alipo.

Mankhwala ena amaumitsanso m'kamwa, monga aja a kuthamanga kwa magazi amene amakodzetsa, ndi amitriptyline amene ena amapatsidwa mapazi akamayaka moto. Munthu asasiye kumwa payekha, koma akawauze adokotala kuti aone chochita. Fodya, wosuta ndi wabwira yemwe, pamodzi ndi kachasu zimawonjezera kuumako ndipo fodya amawononga nkhama kwambiri.

Kuyeza shuga sikutenga nthawi. Amabaya chala n'kuika kadontho ka magazi pa kamakina, ndipo zimakhala bwino munthu akapita m'mawa asanadye kanthu. Nambala ikafika pa 7, kapena 126 pa makina ena owerenga mosiyana, achipatala amayezanso tsiku lina kuti atsimikize. Ku Mozambique matendawa amawatcha diabetes, ndipo amene akufuna chipinda cha mano pa chipatala chachikulu cha Hospital Provincial de Tete afunse kuti estomatologia. Mu mzinda womwewu muli sukulu ya zaumoyo ya Universidade Zambeze imene imaphunzitsa madokotala a mano. Kwa a mbali ya Malawi, zipatala za boma za Mwanza, Ntcheu ndi Dedza ndi pofikira. Tsiku lokumbukira matenda a shuga pa dziko lonse ndi 14 Novembala, m'kati mwenimweni mwa nyengo yotentha.

Amene wapezeka ndi shuga ayende ndi botolo la madzi enieni n'kumamwa pang'onopang'ono m'malo mwa zotsekemera. Atsuke mano kawiri pa tsiku, makamaka pogona chifukwa usiku ndi pamene malovu amachepa kwambiri, ndi mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Akatsuka alavule koma asachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pa mano. Mswachi wa mtengo umathandizanso malinga utatafunidwa mpaka kufewa ndipo munthu asakhule nawo nkhama mwamphamvu. Nkhama zikamatuluka magazi asasiye kutsuka, chifukwa litsiro likatsala ndiye zimatupiratu. Ovala mano oikirira awavule usiku.

Chenjezo lina ndi la amene amabaya insulini kapena kumwa glibenclamide. Iwowa asataye maswiti onse, asunge awiri kapena atatu m'thumba, chifukwa shuga wawo akhoza kutsika mwadzidzidzi n'kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira ndi kuchita chizungulire. Tsiku lokazulitsa dzino adye kaye ndi kumwa mankhwala monga mwa nthawi zonse, anyamule buku lawo la kuchipatala ngakhale akuwoloka malire, ndipo awauze adokotala a mano za shugayo asanakhale pa mpando, popeza bala la wodwala shuga limafuna kuliyang'anira kwa masiku angapo kuposa la ena.