Amisiri a Misewu ya mu Mgodi

Lole ikamadutsa pa Mtengowanthenga mumsewu wa M1, kaya yasenza feteleza kaya mabelo a fodya opita ku Kanengo, lamulo sililola kuti kulemera kwake konse kupitirire matani 56. N'chifukwa chake pali masikelo m'zipata monga ku Mwanza, Dedza ndi Songwe. Koma m'migodi ikuluikulu muli matipa amene tayala limodzi lokha limapsinja nthaka ndi matani oposa 100. Caterpillar 797F, imodzi mwa matipa akuluakulu padziko lonse, imanyamula miyala yokwana matani 363, ndipo ikadzaza imalemera matani oposa 620. Matayala ake ndi asanu ndi limodzi, lililonse kutalika pafupifupi mamita 4. Chimphona chotere phula wathu sangachipirire. Chimafuna njira yakeyake, ndipo kuseri kwa njirayo kuli gulu la anthu aluso amene satchulidwa kawirikawiri nkhani za migodi zikamakambidwa.

Kwa ife a ku Dowa ndi Ntchisi, ntchitoyi yayandikira pakhomo. Ku Kasiya, m'boma la Lilongwe loyandikana ndi Dowa, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inapeza miyala ya rutile ndi graphite. Kampani ya Rio Tinto inagulamo magawo mu 2023, ndipo mu 2024 anakumba dzenje loyesera. Ku Karonga, mgodi wa Kayelekera umene unatsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014 unayambanso ntchito mu 2025 pansi pa Lotus Resources. Kutsidya kwa malire, ku Moatize m'chigawo cha Tete, akhala akukumba malasha ochuluka kuyambira 2011, ndipo sitima zake zimadutsa m'dziko lathu lino popita ku Nacala. Mgodi uliwonse wokumba poyera ngati imeneyi umadalira msewu wochoka pansi pa dzenje kukafika pamakina, ndipo kunyamula miyala ndi imodzi mwa ntchito zodya ndalama zambiri pamgodi.

Woyamba kufika pamalo, tchire lisanalambulidwe, ndi wopima malo. Iye ndi anyamata ake amakhoma zikhomo zosonyeza modutsa msewu, pokhota ndi potsetsereka. Pambuyo pake pamabwera oyesa dothi. Chida chawo chodziwika ndi DCP, ndodo yachitsulo yosongoka kunsonga yokhala ndi nyundo ya makilogalamu 8. Mmodzi amagwira ndodo kuti iime chilili, wina amakweza nyundo n'kuisiya kuti igwe yokha, wachitatu amawerenga pa lula mamilimita amene ndodo yalowa n'kulemba m'buku. Pa gelevulo wouma ndodo imachita kukakamira; pa makande a kudambo imangolowa nyundo ikagwa kawiri katatu. Dothi lina amalitengera ku labu, kumene amalitsindira m'chitsulo, kuliviika m'madzi masiku anayi, kenako n'kuliyesa mphamvu pa muyeso wotchedwa CBR. Kuviikako n'kofunika kwambiri kwathu kuno, poti katondo amene amauma gwa mu Seputembala ndi yemweyo amasanduka phala mu Febuluwale.

Manambala amenewa amapita kwa injiniya, amene amagamula kuti msewu ukhale wokhuthala bwanji. Luso limeneli lili ndi mbiri yake. Mu 1977, Kaufman ndi Ault a ku US Bureau of Mines analemba buku la kapangidwe ka misewu ya m'migodi, ndipo m'zaka za m'ma 1990 Roger Thompson ndi Alex Visser a ku yunivesite ya Pretoria anakonza njira zowerengera zogwirizana ndi matipa olemera a masiku ano. Mfundo yake ndi yakuti kulemera kwa tayala kumwazike kusanafike pa dothi lofewa lapansi. Choncho amayala miyala ikuluikulu yophulitsidwa mumgodi momwemo, nthawi zina yokhuthala mita imodzi kapena kuposa, n'kuitsindira mpaka italeka kusuntha. Pamwamba amaikapo gelevulo wosankhidwa wa masentimita 15 mpaka 20. Phula samuika kawirikawiri, chifukwa dzenje likamakula msewu nawo umasuntha.

Gelevulo wapamwambayo ndi amene amavutitsa mitu. Akachuluka dongo, msewu umaterera mvula ikangowaza. Dongo likachepa, miyala imabalalika, msewu umachita mabampu ndipo fumbi limakwera. Kupeza msakanizo woyenera ndi ntchito ya munthu wodziwa dothi ndi manja ake, osati ndi kompyuta yokha.

Injiniya yemweyo amaonanso maonekedwe a njira. Msewu wodutsana matipa awiri umayenera kukula kuwirikiza katatu ndi theka mulifupi mwa tipa. Kwa 797F, imene mulifupi mwake ndi pafupifupi mamita 10, ndiye kuti msewu wa mamita oposa 30. Chitunda sichiyenera kukwera kuposa mamita 8 mpaka 10 pa mamita 100 aliwonse, kuopa kuti injini ingatope pokwera kapena mabuleki angapse potsika. M'mphepete mwa phompho amaunjika mtumbira wa miyala wofika theka la msinkhu wa tayala, kuti tipa ikaphonya njira itsakamire pomwepo.

Zonsezi zikalembedwa papepala, amene amazisandutsa msewu ndi oyendetsa makatapila: wa buludoza wokankha miyala, wa makina otsindira, wa gireda. Anthu odziwa ntchitoyi amalemekeza kwambiri wa gireda. Amakhala pampando maso ali pa mpeni wa makina, dzanja likusintha pang'onopang'ono kupendekeka kwake, kuti pakati pa msewu pakwere masentimita awiri kapena atatu pa mita iliyonse ndipo madzi athawire m'ngalande. Akalakwitsa, madzi amadikha, tayala lolemera limawakanikizira pansi, ndipo pakutha pa sabata pamakhala dzenje. Ntchito yake sitha tsiku lotsegulira msewu. Tsiku ndi tsiku amadutsa kusalaza mikwasa ndi kuchotsa miyala yogwa m'matipa, chifukwa mwala umodzi wakuthwa ungang'ambe tayala la madola zikwi makumi angapo. Msewu ukafewa tayala n'kumatitimira, tipa imayenda ngati ikukwera phiri pamalo athyathyathya: dizilo amapita wambiri, maulendo amachepa.

Pali winanso amene ambiri amamuona ngati wamba, woyendetsa galimoto yothira madzi. Fumbi la mumgodi limatseka maso a madalaivala, limawononga injini, limalowa m'mapapo a antchito ndi a anthu a m'midzi yoyandikana. Koma akathira madzi ambiri, makamaka potsetsereka, tipa yodzaza imaseseleka. N'chifukwa chake pachitunda amathira modukizadukiza, kusiya malo ouma oti matayala agwirepo. Walira mvula walira matope: dera lolandira mgodi liyenera kufunsa msanga kumene madzi othira msewu adzachokere m'chilimwe, kuti madambo a madimba asaume.

Dalaivala wa tipa ndiye amaudziwa msewu kuposa onse, poti amaumva m'msana kwa maola ambiri, usana kapena usiku. Pampando wake wam'mwamba saona chimene chili pafupi ndi matayala, ndiye galimoto zing'onozing'ono za mumgodi zimayenda ndi mbendera pa ndodo yaitali, ndipo palibe wodutsa asanalankhule pa wailesi. M'migodi ya ku Zambia ndi ku Mozambique, amayi nawonso amayendetsa zimphonazi. Pamgodi woyenda bwino, dandaulo la dalaivala loti pakona pafewa limafika kwa wa gireda tsiku lomwelo.

Chimene chimandikhudza n'chakuti ntchito zonsezi ana athu angazithe. Pamene msewu wa M1 unayamba kukonzedwa mu 2022 kuchokera pa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu kulowera ku Kasungu, achinyamata a m'mbali mwa msewu anaona ndi maso momwe dothi amaliyesera ndi kulitsindira, ena anagwirako ndithu. Vuto ndi loti ambiri amalowa ngati aganyu, kugwira mbendera kapena fosholo, ndipo ntchito ikatha amabwerera kumudzi opanda pepala losonyeza zimene anaphunzira. Mgodi sulemba munthu pa gireda chifukwa choti anaionapo. Umafuna satifiketi ndi umboni wa maola amene wayendetsa.

Sukulu ya MUBAS ku Blantyre imaphunzitsa uinjiniya wa zomangamanga ndi wa migodi, ndipo TEVETA ili ndi udindo woyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Chofunika tsopano n'chakuti mafumu, makhansala ndi aphungu a Dowa ndi Ntchisi, akamakambirana ndi makampani a migodi, asathere pa mijigo ndi midadada ya sukulu. Apemphenso malo ophunzitsira oyendetsa makatapila, oyesa dothi ndi opima malo, maphunzirowo ayambe mgodi usanatsegulidwe. Tikachedwa, mipando ya m'magireda idzadzaza ndi anthu ochokera kunja, ana athu n'kutsala ndi fosholo.