Kodi Mumadziwa? Magalimoto Opanda Dalaivala

Kodi mumadziwa kuti mpikisano wa magalimoto odziyendetsa okha wa pa 13 Malichi 2004 unatha wopanda wopambana? Bungwe la DARPA, lomwe limachita kafukufuku wa asilikali a ku America, linaika madola 1 miliyoni kwa galimoto imene idutse chipululu cha Mojave, kuchokera kufupi ndi Barstow kukafika ku Primm, popanda munthu pachiwongolero. Mwa magalimoto 15, inapita patali ndi Sandstorm ya ku Carnegie Mellon, koma nayo sinakwanitse n'komwe makilomita 12. Inatsakamira pakona m'phiri, matayala akungozungulira mpaka kufuka utsi.

Chosadabwitsa. Sandstorm yomweyo inali itagubuduzika poyeserera kutatsala masiku ochepa, masensa a padenga n'kuphwanyika. Anaimanganso mwaphuma, usiku ndi usana.

Nanga njira? Magulu ankapatsidwa pa CD kutatsala maola awiri okha. Zoloweza pamtima panalibe.

Panalinso njinga yamoto yodziyendetsa, Ghostrider. Inagwa pamalo onyamukira pomwepo.

Pa mpikisano wotsatira, mu Okutobala 2005, zinthu zinasintha. Magalimoto asanu anamaliza makilomita 212, ndipo Stanley, Volkswagen Touareg ya gulu la Sebastian Thrun ku Stanford, inatenga madola 2 miliyoni itayenda pafupifupi maola 7. Padenga pake panali masensa asanu a lidar, omwe amaponya kuwala kwa laser n'kuwerenga nthawi imene kwatenga kuti kubwerere. Vuto lake, ankaona pafupi, mamita osapitirira 30, ndipo galimoto yothamanga imafuna maso ofika patali. Apa ndi pomwe ine ndimawavulira chipewa: anachititsa kuti laser iziphunzitsa kamera. Laser ikatsimikiza kuti apa n'posalala, kompyuta inkaona mtundu wa dothi la pamenepo pachithunzi n'kuufunafuna kutsogolo. Dothi likasintha, imaphunziranso pompo.

Mabampu nawo anawasautsa. Galimoto ikadumpha, laser inkaloza pena, Stanley n'kumaona miyala pamalo popanda kanthu, n'kumazemba mphepo. Mankhwala ake anali oti munthu aiyendetse kaye, kompyuta iphunzire kuti pamene padutsa dalaivala ndiye pabwino.

Kodi mumadziwa kuti lidar yozungulira, yooneka ngati chidebe padenga, inachokera ku kampani yopanga masipika? David Hall wa ku Velodyne anaiyesa mu mpikisano wa 2005. Pofika 2007, pa mpikisano wina wa DARPA wotchedwa Urban Challenge ku Victorville, magalimoto asanu mwa asanu ndi imodzi omwe anamaliza anali ndi lidar yake ya ma laser 64.

Wopambana tsiku limenelo, Boss wa ku Carnegie Mellon, anachedwa kunyamuka. GPS yake inasokonezedwa ndi chisikirini chachikulu choonetsera anthu, chomwe chinali chapafupi.

Koma yondipweteka mtima ndi ya H1ghlander, mnzake wa Sandstorm. Mu 2005 inkatsogola, kenako injini inayamba kufooka pokwera, Stanley n'kuipitirira. Amakaniko anafufuza, osapeza kanthu. Zinadzaululika mu 2017: kabokosi kakang'ono kosefa magetsi opita ku ma injector kanali katawonongeka, mwachionekere pamene galimotoyo inagubuduzika poyeserera milungu ingapo mpikisano usanachitike. Anakatulukira mwangozi, wina atakatsamira injini ikulira, iyo n'kuyamba kuzima.